Misozi ya Zaka 15, BP ya Zaka 45

Ife obadwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 tafika poti uthenga ukalowa pa foni usiku, umayamba wakhala tsonga usanautsegule. Gulu lathu la pa WhatsApp, la anthu amene tinaphunzira limodzi ku sekondale, kale linkangodzaza ndi makhadi a ukwati ndi zithunzi za makanda. Lero nkhani zake ndi zina. Uje amugoneka, BP inakwera. Uje anagwa kubafa, mkono ndi mwendo wakumanja sizikugwira, pakamwa papotoka. Uje anadandaula pachifuwa m'mawa, pofika madzulo anthu anali akusonkha za bokosi. Anthu ake a zaka 42, 44, 45, ena ana awo oyamba asanalembe n'komwe Fomu 4.

Zikatere mayankho timakhala nawo okonzeka kale. Wina amati ndi mchere, wina amati ndi kunenepa kobwera ndi galimoto ndi mpando wa mu ofesi, wina mowa, wina maganizo a ngongole ndi fizi. Sipalephera kupezeka wonong'ona kuti pali dzanja la munthu. Kupatula womalizayu, onsewa amanena zoona. Koma tonse timafufuza chifukwa m'zaka zisanu kapena khumi zapitazi basi. Palibe amene amabwerera mpaka 1997, pamene mnzathuyo anali kamnyamata ka Fomu 2 ka kolala yothetheka.

Ine ndimabwererako, poti zaka zimenezo ndimazikumbukira bwino. Edzi inali pachimake, ndipo ma ARV aulere anadzayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, makolo a ambiri mwa ife atagona kale. Pa sukulu yogonera komweko, munthu akaima pakhomo la kalasi n'kutchula dzina lako kuti ukufunika ku ofesi ya ahedi, kalasi yonse inkangoti zii. Tinkadziwa. Mnzathu ankanyamula kachikwama, n'kubwerako patatha sabata ali ndi mutu wometa, n'kukhala pa desiki yake. Tinkati "pepa aise", kumubwereka manotsi, nkhani yatha. Ena anaitanidwa kawiri, maliro a bambo chaka chino, a mayi chaka chamawa. Ena ankapita ku holide osadziwa kuti akafikira nyumba ya ndani, chifukwa katundu achibale anali atagawana, ana nawonso atagawidwa. Kenaka kunagwa njala ya 2002.

Panalibe wofunsa mwana wotere kuti usiku akugona bwanji. Sikuti aphunzitsi athu anali ouma mtima ayi, nawonso ankaika maliro sabata ndi sabata. Koma mwana wosweka ankaweruzidwa ngati wopulupudza. Wogona m'kalasi anali waulesi. Woyankha mokalipa anali wamwano. Wozemba usiku kukasuta kuseri kwa hositelo anali wolowerera. Mtsikana amene wasiya kudya n'kumangokhala duu, ankati chibwenzi chamukana, apo ayi ali ndi mimba. Mankhwala ake anali chibalo: kukumba dzenje, kutchetcha bwalo, kapena kalata yokaitana makolo, amene mwina kunalibe.

Kuti tione mmene zaka zimenezo zingafikire pa mtima wa munthu wa zaka 45, tiyambe ndi chinthu chimene madokotala anachidziwa kalekale. Matenda a mitsempha ya mtima sayamba tsiku limene munthu wagwa. Mu 1953 madokotala a asilikali a ku America anasindikiza zimene anapeza atang'amba matupi 300 a asilikali awo amene anafera ku nkhondo ya ku Korea. Anali anyamata a zaka pafupifupi 22, olembedwa usilikali atayezedwa kuti ali bwinobwino. Mwa 100 aliwonse, 77 anali kale ndi zizindikiro za mafuta omatirira m'mitsempha yodyetsa mtima. Pambuyo pake, m'tauni yaing'ono ya Bogalusa ku Louisiana, dokotala Gerald Berenson ndi anzake anayamba kutsatira ana a sukulu kuchokera m'zaka za m'ma 1970. Anaona kuti mwana amene BP yake, kulemera kwake ndi mafuta a m'magazi ake zili pamwamba kuposa anzake, kawirikawiri amakula nazo, ndipo mitsempha yake imayamba kuwonongeka msanga. Ndiye kuti pamene munthu akumva kubaya pachifuwa koyamba, kuwonongekako kumakhala kutayenda kale zaka 20 kapena 30 popanda phokoso.

Zoti fodya, zakudya ndi chibadwa cha ku mtundu zimafulumizitsa kuwonongekako, zinadziwika msanga. Zoti chisoni ndi mantha zili m'gulu lomwelo zinadziwika mochedwa, ndipo mbali ina mwangozi. Vincent Felitti, dokotala wa ku San Diego, ankayendetsa kliniki yothandiza anthu onenepa kwambiri kuchepetsa thupi m'zaka za m'ma 1980. Chinkamuzunguza mutu n'chakuti ambiri osiyira panjira anali amene zinkawayendera bwino. Atayamba kucheza nawo mmodzimmodzi, anapeza kuti ambiri anagwiriridwa ali ana, ndipo kwa ena thupi lalikululo linali pobisalira. Iye ndi Robert Anda wa bungwe la CDC anadzafunsa anthu opitirira 17,000 pakati pa 1995 ndi 1997 za ubwana wawo: kumenyedwa, kutukwanidwa, kugwiriridwa, kuona mayi akumenyedwa, kukula m'nyumba ya chidakwa, ya wodwala maganizo kapena ya munthu womangidwa. Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1998. Amene anakumana ndi mitundu inayi kapena kuposerapo ya mavutowa, chiopsezo chawo cha matenda a mtima chinali chowirikiza kawiri poyerekeza ndi amene sanakumane ndi lililonse. Chiopsezo choyesa kudzipha chinali chowirikiza ka 12. Ndipotu anthu ake sanali amphawi. Ambiri anali ophunzira, a pantchito, okhala ndi inshulansi ya chipatala.

Wotsutsa akhoza kunena kuti munthu akadwala amakumbukira ubwana wake moipa kuposa mmene unalili, ndipo pamenepo ali ndi mfundo. N'chifukwa chake ine ndimalemekeza kwambiri kafukufuku amene anayamba ndi achinyamata enieniwo n'kudikira moleza mtima. Ku Sweden, mu 1969 ndi 1970, anyamata 49,321 a zaka 18 mpaka 20 anayezedwa thupi ndi maganizo omwe asanalowe usilikali, ndipo zonse zinalembedwa. Patapita zaka 37, Imre Janszky ndi anzake anafufuza m'mabuku a zipatala za dzikolo kuti aone amene anadwala mtima. Anyamata amene dokotala anawapeza ndi matenda a nkhawa pa nthawi ija anali ndi chiopsezo chopitirira kawiri, ngakhale atachotserapo za kusuta, kumwa, BP ndi kulemera kwa thupi. Chochititsa chidwi n'chakuti pa matenda okhumudwa, kafukufuku ameneyu sanapeze mgwirizano womveka, ngakhale ena ambiri anaupeza. Sayansi siyenda mzere umodzi, ndipo wofuna kuiongola kuti nkhani ikome amakhala akunama.

Ku Dunedin, mzinda wa ku New Zealand, akhala akutsatira ana 1,037 obadwa mu 1972 ndi 1973 kuyambira ali makanda. Atafika zaka 32 anawatenga magazi. Andrea Danese ndi anzake analemba mu 2007 kuti amene anazunzidwa ali ana anali ndi mlingo wokwera wa puloteni yotchedwa CRP, imene imasonyeza kuti m'thupi muli kutupa kosaoneka ndi maso, kutupa kumene kumadziwika kuti kumayenda limodzi ndi matenda a mitsempha. Kusiyanako kunatsalabe ofufuzawo atawerengera za fodya, kunenepa ndi kapezedwe ka munthuyo atakula. Zomwe zinachitika m'nyumba mwana ali wamng'ono zinaoneka m'magazi ake patapita zaka zopitirira 20.

Maumboni otere atachuluka, bungwe la American Heart Association linatulutsa chikalata mu 2015, motsogozedwa ndi Benjamin Goldstein, dokotala wa matenda a maganizo a achinyamata ku Toronto. Linati wachinyamata wodwala matenda okhumudwa kwambiri, kapena matenda osinthasintha maganizo otchedwa bipolar, aziwerengedwa pakati pa amene mitsempha yawo ikhoza kuwonongeka msanga, ndipo BP, shuga ndi mafuta a m'magazi ake aziyang'aniridwa mwatcheru. Gulu limene anamuikamo ndi la chiopsezo chapakatikati, momwe munalinso ana okhala ndi HIV. Kwa Mmalawi mfundo imeneyi ndi yolasa. Mwana wa HIV tinaphunzira kumusamala: ali ndi kabuku, tsiku lokatenga mankhwala, Teen Club ya Loweruka, ndi womufunafuna akajomba. Mwana amene wangosiya kuseka alibe chilichonse mwa izi.

Kodi chisoni chimafika bwanji pa mtsempha? Njira imodzi tonse timaidziwa, ngakhale timaitcha kulowerera. Wachinyamata amene m'mutu mwake muli phokoso amafuna chomuziziritsa, ndipo chopezeka msanga ndi ndudu, chamba, kachasu kapena midoli ya pa golosale. Osuta ambiri amayamba asanakwanitse zaka 20, ndipo amene wayamba pa msinkhu umenewo kusiya kumamuvuta koposa. Wokhumudwa amasiya mpira, amasiya kuyenda, tulo timamuthawa kapena amagona usana wonse. Mbali ya kutsogolo ya ubongo, imene imamuuza munthu kuti "ima kaye", imamaliza kukhwima munthu ali cha m'ma 25, choncho zizolowezi zogwira pa zaka 15 zimagwira pofewa. Akakula, ndi yemweyu amene amamwa mapilitsi a BP sabata imodzi n'kusiya, amene saona chifukwa chobwerera ku kliniki, poti munthu wotopa ndi moyo sasamala za mawa.

Njira ina ndi ya m'thupi mwenimwenimo, ndipo imagwira ngakhale amene sanalawepo mowa. Munthu akaopsedwa, ubongo umatumiza uthenga ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, ndipo timatulutsa mahomoni a adrenaline ndi cortisol. Mtima umagunda mofulumira, mitsempha imafinyika, BP imakwera, chiwindi chimathira shuga m'magazi, magaziwo amakonzeka kuundana msanga ngati munthu angavulale. Zonsezi n'zopulumutsa moyo ukakumana ndi mamba panjira kapena zigawenga pa mlatho. Zinayenera kukhala za mphindi zochepa, zoopsazo zikapita thupi libwerere m'malo. Koma mwana amene usiku uliwonse amamvetsera mapazi a bambo ochokera kumowa, kapena amene sadziwa ngati mawa am'bweza fizi, kapena amene amagwiriridwa ndi munthu amene amadya naye mbale imodzi, thupi lake silibwerera m'malo. Limakhala chikonzekere kuthawa miyezi ndi zaka. Khungu la mkati mwa mitsempha limataya kufewa kwake, kutupa kuja kumakhazikika, mafuta amasonkhana pamimba, shuga amavuta kutsika. Thupi limam'bwereka mwanayo mphamvu zoti apirire, koma kubwereka kwake n'kwa katapila: tsiku lobweza limafika patapita zaka zambiri, chiwongoladzanja chitaposa ngongole.

Pano ndiyenera kuchenjeza, chifukwa nkhani ngati iyi ikhoza kusanduka temberero. Chiopsezo chowirikiza kawiri sikuti aliyense amene anavutika ali mwana adzagwa ndi mtima. Ambiri mwa anyamata a nkhawa a ku Sweden aja sanadwale mtima m'zaka 37 zonsezo. M'gulu lathu lomwe lija muli ana amasiye amene lero ali ndi thanzi lochititsa kaso, ndipo muli ena amene anakula mwa mwanaalirenji koma BP inawagwira. Komanso umphawi umalowa pakati n'kusokoneza chiwerengero, popeza nyumba imene muli ndewu ndi nkhawa kawirikawiri ndi yomwenso muli njala, utsi wa nkhuni ndi ulendo wautali wa kuchipatala. Ofufuza amayesetsa kulekanitsa zimenezi ndi masamu, koma moyo sulekanitsika bwino choncho.

Chinanso, kafukufuku yense ndatchulayu ndi wa ku America, Sweden ndi New Zealand, kumene chopha anthu kwambiri ndi kutsekeka kwa mitsempha yodyetsa mtima. Kuno kwathu chimene chimadzaza mawodi ndi BP yosasamalidwa ndi zotsatira zake: sitiroko, kutopa kwa mtima kumene kumatupitsa miyendo n'kubanikitsa munthu akagona, ndi kufa kwa impso. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unachita ndi WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. Choncho manambala a ku Sweden sitingangowanyamula n'kuwaika pa Ndirande kapena pa Chitipa. Komabe tiziwalo ta pamwamba pa impso tija Mmalawi alinso nato, ndipo ngati pali mbadwo umene unatha msinkhu pakati pa maliro, ndi wathu. Ndikaona mzere wa anthu a msinkhu wanga pa kliniki ya BP ndi shuga, aliyense ndi kabuku kake m'manja, ndimaganiza kuti m'timabuku timenemo mwalembedwa mlingo wa magazi wa mwezi uno ndi wa mwezi watha, koma zaka zimene zinayambitsa zina mwa izo mulibe tsamba lake.

Pali kafukufuku mmodzi amene amandikhalitsa chete. Ku America anatenga anthu 2,481 amene anali atangopulumuka ku kutsekeka kwa mtsempha wa mtima, amenenso anali okhumudwa kapena osowa owathandiza. Ena anawapatsa uphungu wa akatswiri, ena chisamaliro cha masiku onse. Zotsatira za kafukufukuyu, wotchedwa ENRICHD, zinatuluka mu 2003. Olandira uphungu anapezako bwino m'maganizo, koma chiwerengero cha omwalira ndi ogwidwanso ndi mtima sichinasiyane pakati pa magulu awiriwo. Anthu amamasulira zimenezi mosiyanasiyana. Kumasulira kwanga n'kwakuti mtsempha umene wawonongeka kwa zaka 30 sungakonzedwe ndi kucheza kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kuchezako n'kofunika ndithu, munthu akapeza mtendere wapeza chinthu chachikulu, koma ngati tikufuna kuti kutetezenso mtima, nthawi yake ndi ya kale kwambiri, munthu akadali pa yunifolomu.

Ndipo a pa yunifolomu tili nawo ambiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, theka la iwo osakwana zaka 18. Bungwe la WHO limati padziko lonse wachinyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la maganizo, ndipo pafupifupi theka la matenda a maganizo amayamba munthu asanapitirire zaka 14. Kafukufuku wina wa achinyamata okhala ndi HIV kuno kwathu anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu anali ndi matenda okhumudwa. Ana a lero alibe maliro a sabata ndi sabata ngati ife, koma ali ndi zawo. Mu 2020 sukulu zinatsekedwa miyezi ingapo chifukwa cha Covid-19, ndipo atsikana ambiri sanabwererenso. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri, anthu opitirira 1,000 anafa kapena sanapezekenso, ndipo ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe kuli ana amene anaona matope akutenga nyumba ndi abale awo. Ana amenewo anapatsidwa ufa, zofunda ndi matenti, zofunikadi zonsezo. Ena mwa iwo mpaka lero mvula ikayamba kugunda malata usiku amadzuka mtima uli phaphapha. Adzakhala ndi zaka za m'ma 40 cha m'ma 2050.

Vuto lathu n'lakuti tikamva za matenda a maganizo timaona munthu wa nsanza wotola m'zinyalala pa msika, ndipo timaganiza za Zomba Mental Hospital. Kholo limene mwana wake wangofooka silingavomere kuti mwanayo ali m'gulu limenelo, ndipo silikulakwa, chifukwa sali m'gulumo. Pakati pa mwana wabwinobwino ndi misala pali mtunda wautali, ndipo ana ambiri ovutika ali pa mtunda umenewo, pamene tilibe chizolowezi choyang'anapo. Malo ngati St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza, m'zipatala za m'maboma muli anamwino ophunzira za maganizo, koma akatswiri ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu. Chipatala nachonso chinagawa munthu m'zipinda: kliniki ya maganizo tsiku lake, ya BP tsiku lake. Chonsecho WHO imati anthu odwala matenda aakulu a maganizo amafa zaka 10 mpaka 20 msanga kuposa anzawo, ndipo chowapha kawirikawiri ndi matenda a thupi, mtima uli patsogolo. Mankhwala ena ochiza maganizo amanenepetsa ndi kukweza shuga, kotero amene akuwamwa ndi amene amafunika sikelo ndi makina a BP kuposa wina aliyense.

Ndivomereze kuti pali chimene chimandinyansa pa mfundo yonseyi. Zili ngati tikunena kuti misozi ya mtsikana wa zaka 15 ndi yofunika chifukwa idzamudwalitsa mtima pa zaka 45. Ayi. Ndi yofunika lero lomwe, chifukwa akuvutika lero, ndipo ena safika n'komwe pa 45. Kudzipha ndi chimodzi mwa zopha achinyamata kwambiri padziko lonse, ndipo apolisi athu amalengeza nkhani zotere pafupipafupi. Koma ndaona kuti anthu amamva msanga za BP kuposa za chisoni. Bambo amene angakuseke ukamuuza kuti mwana wake ali ndi nkhawa, amakhala tcheru ukatchula sitiroko, poti anaona mchimwene wake akudyetsedwa phala ndi sipuni. Okonza ndondomeko ya chuma cha boma nawonso amamva chinenero cha mabedi ndi mtengo wa mankhwala. Matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni padziko mu 2019, oposa atatu mwa anayi a iwo m'maiko osauka ndi apakatikati. Ngati nambala imeneyo ndiyo ingatsegule khomo kuti mwana wa Fomu 2 afunsidwe mmene akumvera, ndiigwiritsa ntchito.

Kusowa kwa akatswiri sikutimanga manja kotheratu. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda, dokotala wa maganizo ku Harare, anayambitsa cha m'ma 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench. Anaphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare kukhala pa benchi panja pa kliniki, kumvetsera munthu mpaka amalize, kumuthandiza kusankha vuto limodzi mwa ambiri amene amulemera, n'kupeza naye chochita pa vutolo sabata imeneyo. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2016 anasonyeza kuti amene anakhala pa benchi maulendo asanu ndi limodzi anapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira chisamaliro cha masiku onse. Chimene ndimatolapo n'chakuti agogowo anachita kuphunzitsidwa. Agogo ndi azakhali tili nawo kale, anankungwi, alangizi a kumpingo ndi kumzikiti tili nawo, koma ambiri luso lawo ndi lolangiza. Kumvetsera osadula mawu, osathamangira kunena kuti "ife tinaona zoposa pamenepa", ndi luso lina, ndipo silibwera ndi imvi.

Chaka chatha achemwali anga anandiimbira foni za mwana wawo wamwamuna wa Fomu 3. "Achimwene, mwana wanu uja mudzamulankhule. Mpira anasiya, kusamba mpaka timukalipire, akachoka kusukulu amangodzitsekera. Bambo ake akuti ndi chamba." Kwathu malume ndiye mwini mbumba, ndiye ndinapita. Alamu anga anali atakonza kale chigamulo chakuti mnyamatayo apite kumudzi akalime nyengo imodzi kuti aone moyo. "Mwamuna salira, alamu," anatero. "Ifetu tinakula opanda nsapato, ndani anatifunsa za maganizo?" Ndinawayankha kuti n'zoona palibe anatifunsa, ndipo ndinawakumbutsa mapilitsi amene iwo ndi ine timamwa m'mawa uliwonse. Anaseka, koma anandilola kutuluka ndi mwanayo.

Sindinamufunse kuti vuto lake n'chiyani, poti funso limenelo wachinyamata aliyense amaliyankha kuti "palibe". Ndinamupempha andiperekeze kukagula simenti, ndipo tili m'njira ndinamufunsa kuti amagona nthawi yanji. Anati amakagona 9 koloko koma tulo timabwera tambala atalira. Ndinafunsa kuti zinayamba liti. Anakhala chete mpaka tinadutsa pa chigayo, kenaka anati, "Malume, kuyambira pamene mnzanga uja anamira." Mnzakeyo anamira pa damu ali limodzi, ndipo pa maliro anthu akuluakulu ankafunsana mokweza kuti anayambitsa zokasambira ndani. Miyezi yonseyo mnyamatayo ankadziona ngati wopha munthu, m'nyumba momwe anthu ankakangana zoti akusuta chiyani.

Tinapita naye kwa namwino wa za maganizo pa chipatala cha boma cha m'dera lawo, ndipo akumaonana naye mwezi ndi mwezi. Kumudzi sanapite. Masiku ena amakhala bwino, masiku ena amabwerera m'chipinda muja, ndipo mpira sanayambirenso. Tsiku loyamba lija ndinapempha namwinoyo kuti amuyezenso BP ndi kumukweza pa sikelo, alembe m'kabuku. Anandiyang'ana modabwa pang'ono poti mwanayo ndi wa zaka 16 ndipo sitinabwerere zimenezo, koma anatenga makina, n'kumumanga pamkono, n'kulemba. Inali bwinobwino. Ndinawauza achemwali kuti kabukuko asakataye, ndipo chaka chamawa akamuyezetsenso.